Pepala Lomwe Linasanduka Kolala

Kalata ya ku ofesi ya msonkho inafika Lolemba m'mawa, Mayi Telala akupinda miyendo ya thalauza. Anaiwerenga kawiri, kenako anazimitsa makina. Kalatayo inkati pasanathe masiku khumi ndi anayi akaonekere ku ofesiko, akafotokoze ndalama zonse zomwe anapeza chaka chatha, kuphatikizapo zochokera kunja kwa dziko.

Zakunjazo zinalipodi. Sukulu ina ya kutsidya kwa malire inawapatsa ntchito yosoka mayunifomu mazana atatu, ndipo anakakhala komweko miyezi iwiri. Powalipira, a sukuluyo anadula gawo lina n'kunena kuti ndi msonkho wa dziko lawo. Zotsalazo Mayi Telala anagulira makina amagetsi. Anali atapalasa makina a mwendo zaka zisanu ndi ziwiri mpaka mawondo kumalira, ndiye atsopanowa ankawapukuta fumbi ngati mwana wakhanda.

Asanapinde n'komwe kalata ija, alamu awo anali atalowa kale mushopu. Anthu ankawatchula a Ndamva, chifukwa nkhani yawo iliyonse inkayamba ndi mawu omwewo.

"Alamu, apa zavuta," anatero a Ndamva atasuzumira kalatayo. "Ndamva kuti ukagwira ntchito kunja, msonkho umalipira kawiri, uko ndi kuno. Ndamvanso kuti ukalephera amabwera ndi galimoto kudzanyamula makina."

"Mwamva kwa ndani, alamu?"

"Pa gulu lathu la pa foni. Wina analemba."

"Winayo ndani?"

"Aaa, sindimudziwa, koma amalemba ngati munthu wophunzira."

A Ndamva anali ndi nzeru inanso. Anati pafupi ndi chipata cha malire pali bambo wina wokhala ndi katebulo pansi pa mtengo. Ukamupatsa kangachepe, amakulembera mapepala osonyeza kuti kunjako sunapondeko.

Bodza Mayi Telala sankalifuna. Koma mantha anali atawagwira kale, ndipo ndalama zolipira kachiwiri analibe. Anaganiza kuti kuli bwino agulitse okha makinawo kusiyana n'kuti awalande anthu akuona. Anang'amba katoni, n'kulembapo ndi choko kuti "Akugulitsidwa", n'kuipachika pa makina.

Lachitatu, aneba awo a Nesi anabwera kudzatenga diresi. Anaima pakhomo n'kuwerenga katoni ija.

"Aneba, makinawa alakwa chiyani?"

Mayi Telala anayesa kuseka koma misozi inawatsogolera. Anafotokoza zonse, a Nesi akumvetsera atakhala pa benchi ya makasitomala.

"Pepani, aneba," anatero a Nesi. "Inenso ndinagwirapo ntchito pa chipatala cha tsidya lomwelo zaka zitatu, ndipo kalata ngati imeneyi inandisowetsa mtendere. Koma zanga sizingafanane ndi zanu. Ine ndinali wolembedwa ntchito, inu muli ndi bizinesi yanu. Ndikakuuzani zochita, ndisanduka a Ndamva achiwiri. Ku ofesiko kuli tebulo la mafunso. Tiyeni mawa tikafunse eniake. Koma ndiuzeni, atakudulani msonkho uja, sanakupatseni pepala lililonse?"

"Anandipatsa. Linali lolimba bwino, la chidindo chofiirira..."

Mayi Telala anasiyira pomwepo. Maso awo anapita pa msomali wa pakhoma pomwe ankapachika mapateni. Kwa telala, pepala lolimba ndi pateni basi. Poganiza kuti nkhani ya msonkho inathera tsidya lija, iwo anali atalidula ndi sizasi kukhala pateni ya kolala ya malaya a ana. Anaitsitsa pamsomali, yodzaza choko ndi mabowo a mapini.

"Mayo ine," anatero atagwira pakamwa. "Ndadula umboni wanga ndi manja anga."

"Musaitaye," anatero a Nesi, akulimbana ndi phwete. "Tipita nayo momwemo."

M'mawa mwake anakhala pamzere mpaka nambala yawo inaitanidwa. Pa tebulo la mafunso panali bambo wa magalasi. Mayi Telala anapereka kalata ija, kenako mwamanyazi anaika kolala patebulo. Bamboyo anaitembenuza uku ndi uku.

"Mayi, ndagwira ntchito pano zaka zambiri, koma msonkho wokhala ndi kolala ndikuwuona lero."

Onse atatu anaseka, ndipo mtima wa Mayi Telala unayamba kukhala pansi.

"Kalatayi si chisamani ayi," anatero bamboyo. "Poti mumakhala m'dziko muno, mukuyenera kutiuza zonse zomwe mwapeza, zakunja zomwe. Koma dziko lathu ndi la anzathuwa ali ndi mgwirizano woti ndalama imodzi isadulidwe msonkho kawiri. Zomwe anakudulani uko tizichotsa pa zomwe mukanalipira kuno, bola pakhale umboni."

"Ndiye umboni wake ndi umenewu, bambo?"

"Kolala sitingailandire. Koma taonani apa." Analoza kunsonga kwake. Sizasi inali italambalala nambala ya pepalalo, ndipo theka la chidindo linkaonekabe. "Nambala iyi ndi yokwanira kuti akupatseni pepala lina."

Anawalembera zochita pa pepala la ofesi: aimbire a sukulu, apemphe pepala lina, ndipo zikavuta aimbire ofesi ya msonkho ya tsidyalo. Anawapatsa nambala ya foni ya ofesi ya tsidyayo, n'kulembanso m'buku kuti mayiwa abwera nthawi isanathe.

A Nesi anafunsa za bambo wa pansi pa mtengo uja. Wa magalasiyo anapukusa mutu.

"Mukanalemba kuti simunapite kunja, chidindo cha m'pasipoti mwanu chikanakutsutsani. Pamenepo ndiye pakanakhala mlandu weniweni. Chinanso, mayi, si mayiko onse amene ali ndi mgwirizano wotere, ndipo malamulo amasintha. Mukapezanso ntchito kunja, mudzafunse musanapite."

Mayi Telala anayamba kutsegula kachikwama kawo. "Nanga malangizowa ndi zingati?"

"Tsekani kachikwamako. Kufunsa pano n'kwaulere."

A sukulu anachedwa pang'ono, moti anachita kuwaimbira katatu. Koma patatha sabata imodzi pepala linafika, lathunthu, la ngodya zake zinayi. Atawerengera ku ofesi kuja, panatsala kandalama kochepa koti awonjezere, kosafika n'komwe pa zimene bambo wa pansi pa mtengo ankafuna. Analipira tsiku lomwelo n'kulandira lisiti.

Atabwerera kushopu anachotsa katoni ija pa makina. Anakhala pampando, n'kuponda, makina n'kulira monga kale. Anasoka msoko umodzi wautali pa kansalu kopanda ntchito, kungofuna kumva phokosolo. Anali osangalala mpaka misozi.

Posakhalitsa a Ndamva anatulukira. "Alamu, ndamva kuti..."

"Khalani pansi, alamu," anatero Mayi Telala akumwetulira. "Lero mumve kwa munthu amene anakafunsa."

Anawaonetsa lisiti ndi pepala latsopano lija. A Ndamva anawerenga mwakachetechete, n'kukanda mutu.

"Ndikanakugulitsitsani makina," anatero motsitsa mawu. "Pepani."

"Munkandifunira zabwino, ndikudziwa. Koma mukalembe izi pa gulu lanu lija. Munthu akagwira ntchito kapena kuchita malonda kudutsa malire, asayendere mphekesera, ndipo asapereke ndalama kwa wolonjeza kubisa zinthu. Apite ku ofesi ya msonkho ya dziko lake, afunsenso ya dziko linalo, ndipo apemphe kuti yankho amulembere. Pepala lililonse la msonkho alisunge."

Mapepala awo tsopano amakhala m'kabati yokiya, kutali ndi sizasi. Kolala ija idakali pamsomali, ndipo kasitomala aliyense wofunsa za iyo amachoka atamva uthengawo.