Mupita Kuti, Amake Judith?

Kalatayo inali yaifupi, koma a Febby Tembo anaiwerenga katatu ali chiimire pamzere wa basi ku Chelstone. Mwini sukulu ya mkaka ya ku Woodlands, kumene ankagwira ntchito, sanazungulire: akachedwanso katatu, asadzabwerenso. Makolo anali atatopa ndi kuima pageti, ana ali m'manja, kudikira munthu wosunga makiyi. Wosunga makiyiyo anali a Febby.

Sikuti a Febby ankakonda tulo. Vuto linali njira. Chaka chimenecho, cha 1978, basi iliyonse yochoka pamalo awo okwerera inkalunjika ku tauni. Akafika kumeneko ankatsika, n'kuthamanga, n'kukafolanso pamzere wina wa basi ya ku Woodlands, yomwe inkabwerera nawo chakum'mawa komwe achokera. Ulendo umene mbalame ikanauyenda kamphindi unkawadyera maola awiri. Mtima unali m'mwamba tsiku lililonse, ndipo phazi lawo silinkakhazikika pansi.

Amuna awo, a Gilson, analibe nkhawa yotereyi. Anali mesenjala pa ofesi ina mumsewu wa Cairo, choncho basi imodzi inkawakwanira. Munthu akanyamula makalata a mabwana zaka khumi amayamba kuyenda ngati anawalemba ndi iye, ndipo a Gilson ankadziwa chilichonse cha mu Lusaka, ngakhale chimene sichinachitike.

Tsiku lomwelo, Lolemba, pamalo okwerera basi panatulukira anthu atatu achilendo, amuna awiri ndi mayi mmodzi, atanyamula mapepala ndi mapensulo. Anayambira kutsogolo kwa mzere kufunsa anthu. Masiku amenewo munthu wa pepala sankaonedwa bwino. Ena ankafunsa makhadi a chipani pamsika, ena ankafuna kudziwa kuti m'nyumba mwagona alendo angati. A Gilson anangowayang'ana kamodzi, nkhani n'kuitha okha.

"Mvelani, imwe bantu," a Gilson ananong'oneza anzawo apafupi. "Aba bafuna kuziba kwamene tisebenza. Mawa muzaona babwela ku nchito kwanu. Bakakufunsani, kambani chabe ati ku tauni. Basi iyenda kuti? Ku tauni. Ndiye simunanama."

Mawuwo anayenda mumzere kuposa basi. Mayi wa pepala atafika pa a Febby anawafunsa mwaulemu kuti ulendo wawo ukathera kuti. A Febby anayang'ana amuna awo, amuna awo anakweza nsidze.

"Ku tauni," anatero a Febby.

Lachiwiri zinali chimodzimodzi. Tsiku limenelo basi yachiwiri inawasiya m'tauni itadzaza mpaka pakhomo, ndipo anafika ku Woodlands mochedwa. Kamodzi kanapita, kunatsala kawiri.

Lachitatu dzuwa likupendeka, a Febby akuanula zovala, pampanda panafika mnansi wawo a Exildah Kabamba, amene aliyense ankawaitana Bana Kalaba. Mayiwa anali kalaliki ku ofesi yokonza za mayendedwe a mabasi mumzinda. Nkhope yawo inali ya munthu amene chinthu chamuzunguza tsiku lonse.

"Muli shani, Amake Judith? Nifunseko. Munaleka nchito ku Woodlands?"

"Awe, nikali kusebenza. Koma kwasala pang'ono," anayankha a Febby.

"Manje nichani ichi? Mapepa yonse ya pa sitesheni yathu yapita pa tebulo yanga. Bantu mahandiredi, bonse ati ku tauni. Palibe olo umozi wa ku Woodlands, palibe wa ku Kabulonga. Ine nimuonani kuseni kulikonse. Ba Abson naonso basebenza mu gadeni ku Kabulonga. Munayenda kuti monse?"

A Gilson, amene anali pakhonde akupukuta nsapato, anatsokomola. Anafotokoza nzeru yawo ija monyadira ndithu, ngati munthu amene wapulumutsa mudzi.

Bana Kalaba sanaseke. Anatulutsa m'chikwama pepala losalembapo kanthu n'kuwapatsa.

"Ba Tembo, nionetseni pamene balemba zina."

A Gilson analitembenuza uku ndi uku. Panali mafunso atatu okha: mwachokera kuti, ulendo wanu ukathera kuti, muyenera kufika nthawi yanji. Malo a dzina panalibe, a khadi panalibenso. Safunsa anadya phula, ndipo a Gilson anali atadyetsako mzere wonse.

Kenako Bana Kalaba anatambasula dzanja lawo.

"Onani. Tauni ni apa pa chikhato. Ichi chala ni Chelstone, ichi ni Kabulonga na Woodlands, ichi ni Kabwata. Mabasi yathu yonse yayenda mu vala, kuchoka ku nsonga kufika pa chikhato. Amake Judith bafuna chabe kuchoka pa nsonga iyi kufika pa iyi, pafupi apa, koma tibapeleka pa chikhato poyamba. Ku ofesi kwabwela mabasi yanyowani yang'ono. Bakulu bafuna kuziba kwamene bangayaike. Ise sitilota, Ba Tembo. Tiona pa pepa. Pepa ikakamba ati bonse bayenda ku tauni, mabasi yonse yazayenda ku tauni, na zaka zizapita."

A Febby anakhala pansi pa ndowa yovundikira, zovala zili pamiyendo. Anamva mkwiyo, ndipo sanaubise.

"Atate ake Judith, imwe basi yanu ni imozi. Ine nchito yanga ili pa ulusi, ndiye munanitseka pakamwa pamene bantu banabwela kunifunsa?"

"Kuwelenga kusila pa Chisanu," anatero Bana Kalaba. "Kwasala masiku yabili. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko."

Lachinayi m'mawa a Gilson anafika pamzere asanamwe ndi tiyi yemwe. Ntchito yobweza mawu ndi yolemera kuposa yowanena. Anayenda kuchokera kumapeto mpaka kutsogolo, pepala lija lili m'manja, akuonetsa aliyense kuti palibe malo a dzina.

"Si ndimwe munatiuza ati tikambe ku tauni?" anafunsa a Abson, wosamalira maluwa uja wa ku Kabulonga.

"Ndine."

"Manje lelo mwagulisidwa?"

"Sininagulisidwe, Ba Abson. Ninalakwa chabe. Ninakamba vintu vamene sininazibe."

Anthu anaseka, chifukwa mawu amenewo anali asanamvekepo pakamwa pa a Gilson. Koma kuseka si kuvomera. Ofunsa aja atafika, aliyense pamzere anangoyang'ana kumsewu.

Basi inatulukira pakona. A Febby anali pafupi ndi kutsogolo, ndipo malo akanawapeza. Anadziwa kuti akaima kuti ayankhe, basi iwasiya, ndipo yotsatira sidziwika nthawi yake. Anthu anayamba kukankhana. Iwo anatuluka pamzere n'kupita kwa mayi wa pepala uja.

"Lembani," anatero mokweza kuti onse amve. "Nichoka ku Chelstone. Nipita ku Woodlands, osati ku tauni. Nifunika kufika hafu seveni. Pa Mande ninanama."

Basi inanyamuka yodzaza, a Febby n'kutsala. Koma amene anatsala nawo anayamba kusendera mmodzimmodzi. A Abson anatchula Kabulonga. Mayi wina wochapa zovala anatchula Woodlands. Mlonda wina, ophika awiri, namwino, onse anali a mbali yomweyo, anthu amene ankaonana tsiku ndi tsiku m'mizere iwiri osadziwa kuti ndi ambiri chotere. A Abson anauzanso ofunsawo kuti alipo ena ambirimbiri amene anasiya kalekale kudikira basi ndipo amadula wapansi kudzera ku Kalingalinga. Lachisanu mmodzi wa ofunsawo anakaima panjira imeneyo, ndipo mapepala anamuthera.

Tsiku la Lachinayilo a Febby anachedwa kachiwiri. Kunatsala kamodzi.

Bana Kalaba sanawanamize. Anawauza kuti basi siphuka ngati bowa. Mapepala ayenera kuwerengedwa, msewu uyenera kuyesedwa ngati basi ingadutse, ndipo nthawi zake ziyenera kukonzedwa. Zimenezi zikanatenga miyezi. A Febby analibe miyezi, anali ndi tsiku limodzi lokha lolakwa.

Apa m'pamene a Gilson anatsitsa njinga yawo yakale imene inkapachikidwa kuseri kwa nyumba. Anaimata machubu, n'kumanga katsamiro pakaliyala. Kuyambira Lolemba lotsatira ankapalasa ndi akazi awo kudzera njira yachidule mpaka ku Woodlands, kenako okha mpaka ku tauni. Mvula inawapeza, matope anawapeza, tcheni chinaduka kawiri. Tsiku lina anafika pageti patatsala mphindi imodzi, a Febby atanyamula nsapato m'manja. A Gilson anaonda, ndipo nzeru zawo zapamzere zinachepa kwambiri, poti wopalasa pachitunda salankhula.

Patatha miyezi inayi, m'mawa wina pamalo okwerera panaima basi imene chikwangwani chake chinali chachilendo: Chelstone, Kabulonga, Woodlands. Inali imodzi yokha, yoyenda kawiri m'mawa ndi kawiri madzulo, ndipo anauzidwa kuti ndi yoyesera. Ikamayenda yopanda anthu, idzachotsedwa. Sinayende yopanda anthu. A Abson anakhala pawindo ngati bwana, akulozera anzawo nyumba zimene anadzalako maluwa.

A Febby anafika ku Woodlands isanakwane seveni koloko. Anatsekula geti, anasesa, anakonza timipando, n'kukhala pakhonde manja ali pamiyendo, osadziwa chochita ndi nthawi yotsalayo. Mwini sukulu atafika anayang'ana wotchi yake, n'kuyang'ananso a Febby.

"Mwagona kuno, Ba Febby?"

"Awe, madamu. Nabwela na basi yanga."

Madzulo ake a Gilson anapachikanso njinga kuseri kwa nyumba, akugwira msana wowawa. Akazi awo anawafunsa kuti anthu a mapepala akadzabweranso adzawauza chiyani.

"Nizabauza vonse," anatero. "Olo kwamene kunibaba."

Mabasi a mumzinda saikidwa mwamaloto. Okonza njira amatsata zimene okwera anena. Akabwera kudzafunsa za maulendo anu, muli ndi ufulu wofunsa kuti ndi ndani ndiponso woona pepala lawo. Mukakhutira, musatchule kumene basi ikupita. Tchulani kumene inu mukupita, ndi nthawi imene muyenera kufika. Mukabisa ulendo wanu, basi yanu sidzabwera.