Sutikesi ya Nthenga za Akhwangwala

Azakhali anali atagwada kale, akukoka sutikesi kunsi kwa bedi, pamene Namwino analowa m'chipinda cha malemu bambo ake ndi tsache m'manja. Linali tsiku lachitatu chiikireni maliro. Atatsegula chivundikiro, azakhali anabwerera m'mbuyo ngati aponda khala la moto.

Munali maenvulopu mazanamazana omanga ndi mphira, ndipo m'envulopu iliyonse munkasuzumira nthenga yakuda.

"Tseka chitseko," anatero azakhali motsitsa mawu. "Abusa akubwera ndi akwaya masana ano. Wina akangoona izi, mawa msewu wonse udzati mlongo wanga anali mfiti. Katenge parafini, tikaziwotche kuseri."

"Azakhali, zimenezi ndi za akhwangwala a bambo aja."

"Ndikuona ndithu kuti si za nkhuku. Munthu wanzeru zake angasungirenji nthenga za khwangwala kunsi kwa bedi? Ngati si mankhwala, tandiuza ndi chiyani."

Namwino anayang'ana maenvulopu aja. Bambo ake anagwira ntchito zaka makumi atatu pa injini ya boti lopita kuchilumba, ndipo ulendo uliwonse ankabwera ndi nthenga m'thumba la shati ndi nkhani yosatha pakamwa. Namwino ankangoti "ee, ee," mtima uli kwina. Kusukulu ankamutcha mwana wa Akhwangwala, ndipo ankachita nazo manyazi. Lero dzina la bambo ake linali m'manja mwake, iye alibe ngakhale liwu limodzi loliteteza nalo. Zinamuwawa kwambiri.

Chitseko chinakankhidwa. Anali mayi ake, amene chiyambire maliro ankangoyankha ndi mutu. Panalibe amene sankadziwa kuti mayiwa ndi akhwangwala anali paudani, poti zaka zonsezo ankachapa mashati odzaza nthenga akung'ung'udza.

"Alamu, bweretsani kuno," anatero.

Anakhala pabedi, nasolola nthenga ziwiri m'mitolo yosiyana. Kwa Namwino zonse zinali zakuda bii, zofanana.

"Uzirani iyi cha kutsinde."

Azakhali anayamba ayang'ana kuwindo, kenako anauzira. Tiubweya ta kutsinde tinatseguka, totuwa ngati phulusa.

"Ameneyo ndi wa kuno kumtunda, wakuba m'mabini uja. Tsopano iyi."

Kunsi kwa inayo kunali koyera mbee.

"Uyu ndiye wa pachilumba. Ukamuona patali ndi wakuda yense, koma mphepo ikamuwomba m'khosi, kuyerako kumaonekera. Mlomo wake ndi wowonda. Sayenda chigulu, amayenda awiriawiri. Nkhono saijompha, amauluka nayo n'kukaigwetsera pamwala. Ndipo salira mokuwa ngati anzakewa, amangodandaulira kukhosi ngati munthu wa chimfine."

Azakhali anagwira pakamwa. "Inu alamu, munaziphunzira liti zimenezi? Si inu munkati tsiku lina mudzazitaya m'chimbudzi?"

"Ukakhala ndi wailesi yosazima zaka makumi atatu, nyimbo zake umaziloweza usakufuna."

"Koma anthu, alamu. Anthu sadzafunsa za tsinde la nthenga."

Azakhali sankanama. Namwino anagwada n'kuyamba kusanthula maenvulopu, pofuna kungopatsa manja ake chochita. Pa iliyonse bambo ake analembapo tsiku, malo amene anatola nthengayo, ndi mtundu wa mbalame. Imodzi inali yofufutafufuta. Ataitulutsa, mayi ake anaizindikira nthenga yake yothyoka kunsonga.

"Imeneyo tinakanganirana. Ine ndinati ndi ya wa pachilumba, iwo anati ndi ya wa kumtunda, za mbalame ndizisiye, ndikachape. Sabata yathunthu osalankhulana m'nyumba muno. Mpaka alowa m'manda osavomera. Alongo anu, alamu, makani ngati chitsa."

"Amayi," anatero Namwino, "pali mawu apa."

Pa envulopuyo, mawu akuti wa kumtunda anali okhwatchidwa kawiri. M'munsi mwake munali zilembo zazing'ono za inki yofiira, ndi tsiku la zaka khumi ndi ziwiri zapitazo. Namwino anawerenga: "Ndinalakwitsa. Ndi wa pachilumba. Amene anazindikira ndi mkazi wanga."



"Werenganso," anatero mayi.

Anawerenganso.

"Zaka khumi ndi ziwiri," anatero mayi chapansipansi, "kuuza pepala, ine ndili pompano."

Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. Kenako anaiwongola nthenga yothyokayo ndi zala ziwiri, kuyambira kutsinde mpaka kunsonga, naibwezera m'envulopu mwake mosamala.

"Nyamula sutikesiyi," anauza mwana wawo. "Ukaiike patebulo pabalaza, pamene akhale Abusa. Usaitseke."

Namwino anagwira mbali imodzi. Inali yolemera kuposa mmene ankaganizira, ndipo azakhali anawerama n'kugwira mbali inayo.