Chotupa cha Paphewa pa Bambo a Ana Anga

Ntchito yanga ndi kutayipa zotsatira za ku labotale ya chipatala. Sindine dokotala, koma nditagogoda mawu omwewo zaka khumi ndi ziwiri, ndimawadziwa ngati ana anga. Sakoma ndi khansa ya mafupa ndi minofu. Limfoma imagwira anabere. Lipoma ndi mafuta chabe ounjikana pansi pa khungu, chotupa chaulesi chosapha ngakhale nkhuku.

Khansa ya kasinoma ndiye ndimaidziwa bwino, chifukwa inandidyera bere lakumanzere. Mwamuna wanga anachoka sabata imene tsitsi langa linayamba kuthothoka. Anati ali ndi mtima wofooka, sangathe kuonerera. Mtima wofookawo unakwatira wina chaka chisanathe, ine ndikusanza ndekha m'beseni.

Lachiwiri lapitali ndinangoona munthu ataima pawindo la ofesi yanga, envelopu ili m'manja. Anali mwamuna wanga uja, atawonda, kolala ikumukhwepa.

"Amake ana, ndithandizeni," anatero. "Anandidula kanyama paphewa apa kukapima. Pepala ndi ili, koma adokotala akuti ndidzawaone pakatha masabata atatu. Sindikudya. Inu mawu amenewa mumawadziwa."

Ndinapukuta magalasi mosafulumira, n'kutambasula pepalalo. Lipoma. Munthuyu analibe vuto lililonse, akanatha kupita kukasewera mpira masana omwewo. Mawu awiri okha, "si khansa," akanamubwezera moyo.

Ndinaliwerenga kawiri, ndikuyendetsa chala pamzere uliwonse. Kenako ndinapumira m'mwamba, ndinalipinda bwinobwino, n'kulibwezera mu envelopu. Ndisaname, mumtima munali kuzizira bwino.

"Lamulo silindilola kumasulira zotsatira," ndinatero, ndipo zimenezo n'zoona. "Dikirani adokotala. Tsiku limenelo mudzabwere ndi akazi anu, musadzabwere nokha."

Anagwira chitsulo cha pawindo ndi manja onse awiri. Pamzere kumbuyo kwake mayi wina anayamba kudandaula kuti akuchedwetsa anthu, koma iye sanamve.

"Ndi ija munadwala inuyo?" anafunsa.

Ndinangoyang'ana pa kompyuta.

"Chabwino, ndiuzeni chimodzi chokha," anatero motsitsa mawu. "Mankhwala ake aja, kodi amapweteka?"

Apa ndinamuyang'ana m'maso. Funso limeneli anachedwa nalo zaka zisanu ndi chimodzi.

"Amapweteka kwambiri, bambo," ndinatero. "Ndiye muziwasamala akazi anuwo, chifukwa anthu ena akaona beseni amathawa. Wotsatira abwere."