Dzina la Perel

Mbama ya Beila inamveka mpaka pamakwerero. Anshel, mchimwene wake, anadzandira n'kugwera pa timipando tatifupi tokhalira anamfedwa, ndipo anthu amene anabwera kudzapepesa anayamba kutuluka mmodzimmodzi ngati sanaone kanthu. Linali tsiku lachitatu chiikireni bambo awo, a Zalman atelala, kumanda a Ayuda kunja kwa Shanghai.

"Bwerezani, achimwene," anatero Beila. "Bwerezani ndimve bwino."

"Ndati Loweruka ndikaima m'sunagoge, mwana wanga ndikamutcha Perel." Anshel analavula magazi. "Khanda latha milungu iwiri lopanda dzina ngati mwana wa mphaka."

Kwawo mwana samupatsa dzina la munthu wamoyo. Kutcha khandalo Perel kunali kulengeza pagulu kuti Perel, mchemwali wawo wamkulu, amene anatsala pasiteshoni ya Vilna iwo akuthawa nkhondo zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, anafa. A Zalman ali moyo, nkhani imeneyi ankaikana kwamtuwagalu. Chithereni nkhondo, nkhalambayo inkalawirira kukawerenga mindandanda ya opulumuka yomata pakhoma, chala chikutsika dzina ndi dzina. Inalembera asuweni ake onse, apongozi a Perel, ngakhale mzamba amene anamulandira pobadwa. Wonyambita masitampa anali Beila, ndipo chiyembekezo chake chinkaposa cha bambo akewo.

"Dothi la pamanda a bambo silinaume, inu mukufuna kukwirira wina?"

"Wina uti? Dzuka iwe! Anthu a ku Vilna anawatengera kunkhalango n'kuwaombera m'maenje. Dziko lonse likudziwa, kupatula iwe ndi mapepala akowa."

Anshel anatsomphola bokosi la makalata limene linali pamakina osokera n'kulimenyetsa kukhoma. Maenvulopu obwezedwa anangoti mbwee chipinda chonse. Beila anamulumphira, kumukanda kumaso, kumuluma dzanja mpaka mano kulowa. Anshel anamugwira tsitsi n'kumukankhira pakalilole wophimbidwa ndi nsalu ya maliro, galasi n'kusweka mkati mwa nsaluyo. Ana a munthu wofatsa ngati uja, amene sanakalipirepo ngakhale ntchentche, ankang'ambana ngati agalu a pamsika, ndipo zinali zamanyazi kuziona.

Kuseri kwa katani khanda linayamba kulira. "Muphana anthu inu!" anakuwa mkazi wa Anshel. "Muphana pamaliro!"

Beila anadzuka khutu likuchucha magazi. Anapisa dzanja pansi pa pilo wa malemu n'kutulutsa buku lawo la mapemphero. Kumasamba omaliza a Zalman analembako mtundu wonse, kuyambira agogo a agogo awo, ndipo dzina la aliyense womwalira ankalikhwatcha ndi inki.

"Bwerani muone! Dzina la achemwali bambo sanalikhwatche. Inu ndinu ndani kuti muwaphe ndi pakamwa?"

Anatsegula bukulo. Dzina la Perel linalidi losakhwatcha. Koma m'munsi mwa dzina la Anshel, pamzere wa khandalo umene sabata yatha unali wopanda kanthu, panali zilembo zokhotakhota za munthu wolemba chogona. Perel.

Anshel anawerenga ataima kumbuyo kwa mlongo wake, akupumira m'mwamba.

"Analemba liti zimenezi?"

"Lachiwiri anandipempha cholembera," anayankha Beila motsitsa mawu. "Ndinkayesa akufuna kulembanso kalata. Ndinathamanga kukagula sitampa."

"Bwanji sanandiuze? Ndinawatukwana, Beila. Ndinawanena kuti ndi nkhalamba yamakani."

Beila anayang'anitsitsa mayina awiri ofananawo, lapamwamba ndi lapansi, ndipo chisoni chinamugwira kuposa cha tsiku la kumanda. Bambo ake analephera kukoka mzere pa mwana wawo, komanso sanafune kufa atamumana dzina mdzukulu.

Diresi la Beila linali long'amba kale kumanzere, cha pamtima, monga achitira mwana wolira kholo. Tsopano anagwira kolala kumanja, mbali yolirira m'bale, n'kukoka. Inakana. Anakokanso ndi manja onse awiri, koma msoko unali wa a Zalman, wobwereza kawiri ngati misoko yawo yonse.

"Achimwene," anatero, "ndithandizeni."

Anshel anagwira mbali inayo ndi dzanja likukhabe magazi, ndipo awiriwo anaing'amba limodzi.