Chirundu cha Che Hashim

Luka anali mwana wa ku Chitala, kumene munthu amalemekezedwa ndi kukula kwa nkhokwe yake. Njala ya chaka china ndiyo inamuthamangitsira ku Chipoka, ndipo za kunyanja anaziphunzira atamera kale ndevu. Anangodziwa zapamtunda zokha: kugula utaka, kuuyanika pathandala, kuulongedza m'makatoni. Za m'madzi sankazidziwa, ndipo sankadziwanso kuti sakuzidziwa.

Malonda ake ankaimira mwendo umodzi, ndipo mwendowo unali Che Hashim, mwini bwato la injini ndi khoka la chilimira. Padoko ogula amachuluka kuposa nsomba, choncho msodzi aliyense ali ndi anthu ake. Che Hashim anamusankha Luka, kaya chinali chisoni kaya chiyani. Bwato likakocheza, mabeseni atatu oyamba anali a Luka ngakhale ena alozetse ndalama m'mwamba. Utaka wake unali wonona, ndipo unkapezeka ngakhale miyezi imene mabwato ena ankabwerera opepuka.

Chimene chinkamupweteka Luka ndi mavenda a ku Lilongwe, amene ankagula katoni pamtengo wachipongwe n'kukaigulitsa pamtengo wowirikiza kawiri. Ndiye atamva kuti ku Salima kuli maphunziro a amalonda ang'onoang'ono, anakwera matola n'kukakhala pabenchi yakutsogolo. Mayi wophunzitsayo anawauza za bulogu, tsamba lakolako la pa intaneti pomwe umalemba za malonda ako, ogula n'kumakupeza okha.

"Anthu a m'tauni sagula nsomba yokha," anatero mayiyo. "Amafuna nkhani yake. Aonetseni kumene ikuchokera."

Luka anatha masiku atatu atakhala pafupi ndi njanji, pomwe netiweki imagwira bwino, akulimbana ndi kafoni kosweka galasi. Tsambalo analitcha Utaka wa kwa Luka. Anaikapo zithunzi za thandala, mitengo ndi nambala yake. Sabata itatha linali litawerengedwa kanayi, ndipo kawiri anali iye mwini, kamodzi mkazi wake Precious. Wachinayiyo ayenera kuti anangosochera.

Apa ndi pomwe anakapempha Che Hashim kuti akwere nawo m'mawa umodzi. Mkuluyo anavomera.

"Kwerani, aLuka. Koma malo amene tipite asamveke pakamwa panu."

"Ine ndine wakumtunda, Che Hashim. Kwa ine madzi onse ndi ofanana."

Sanali kunama, ndipo tsoka lake linali pomwepo. Utaka umasonkhana pa chirundu, kaphiri ka miyala ka pansi pa nyanja. Cha Che Hashim anachipeza ndi bambo awo, ndipo kwa zaka makumi atatu ankachidziwa ndi a m'bwato lawo okha. Pamadzi palibe chikwangwani. Msodzi amapeza malo ake poyang'ana kumtunda: mlambe wakutiwakuti ukhale pakati penipeni pa mapiri awiri, thanki ya kunjanji igunde ngodya ya shedi ya padoko. Zikalunjikana, ponyani khoka. Palibe anamuuza Luka zimenezi, chifukwa kunyanja ngakhale mwana wamng'ono amazidziwa.

Khoka likutuluka, utaka ukuphiriphitha, Luka anaimirira n'kujambula. Chinali chithunzi chabwino zedi. Anthu asanu akukoka, nsomba zikung'anima, ndipo kumbuyo kwawo mtunda wonse uli mbee, mlambe uli pakati pa mapiri ake, thanki itagunda shedi.

Anachiika pa bulogu tsiku lomwelo, osatchula malo, monga analonjezera. Mawa lake foni inayamba kulira. Mayi wina wa ku Area 25 ankafuna makatoni awiri, bambo wa malo odyera ku Kasungu ankafuna sabata iliyonse. Luka anagula nyama ndi malata awiri okonzera khitchini, akuyenda ngati nthaka ndi yake. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Chithunzi chija chinayenda m'mafoni mpaka chinabwerera kwawo, m'gulu la pa foni la asodzi a m'mbali monsemo. A m'tauni anaona kukongola. Asodzi anakulitsa ndi zala ziwiri n'kuyang'ana kumbuyo kwa anthu okokawo. Lachinayi Che Hashim anapeza mabwato asanu ndi awiri ataima pa chirundu chawo. Sabata yotsatira anali oposa makumi awiri, ena ochokera ku Senga Bay, makoka akukolana, anthu akutukwanizana pamadzi.

Luka anazimva kwa mayi wogulitsa mandasi. Anathamangira kudoko, ndipo anapeza Che Hashim akusoka khoka long'ambika pansi pa mtengo. Anagwada pamchenga, bambo wa ana atatu, anthu akuona.

"Sindinatchule malo, Che Hashim. Mulungu ndi mboni."

"Ndikudziwa. Mukadatchula pakamwa, ena akadati ndi bodza." Che Hashim sanakweze mawu ngakhale pang'ono, ndipo maso anali pa ulusi. "Bambo anga anamwalira osauza ngakhale mlamu wawo. Ine ndakweza mlendo tsiku limodzi."

"Ndachichotsa kale chithunzicho. Onani, palibe."

"Mwachichotsa mufoni mwanu. M'mitu mwawo muchichotsa bwanji? Riziki, chakudya cha munthu, amapereka ndi Allah, aLuka, koma pakhomo ndinatsegula ndine. Pitani."

Madzi akatayika saoleka. Luka ankaganiza kuti mwina mabwato amene anapindula amukumbukira, poti anadyera iye. Anapita ndi beseni lake kwa Ismael, mwini limodzi la mabwatowo, amene masiku amenewo ankabwera litadzaza. Ismael anaseka, kenaka anauza anthu ake kuti aphimbe nsomba.

"Inu ndi aja ojambula? Bwato langa musaliyandikire, achimwene. Nanenso ndili ndi malo anga."

Padoko ponse yankho linali lomwelo. Ena ankamuseka, ena ankangotembenuka. Pasanathe miyezi iwiri chirundu chinali chitakokoledwa, ndipo amene ankapitabe ankabwerera ndi tinsomba tosadzaza ndowa. Che Hashim anakweza khoka ndi banja lawo n'kusamukira cha ku Nkhotakota, kukayamba kufufuza madzi achilendo ali ndi imvi. Sanatsanzike.

Chimene chinkamuwawa kwambiri Luka n'chakuti bulogu inkagwira ntchito monga mayi wophunzitsa uja ananenera. Mauthenga ankabwerabe, anthu aulemu, ndalama zili m'manja, akufunsa utaka wonona uja. Thandala linali lopanda kanthu, mbuzi zikugona pansi pake. Anayesa kugula kwa mavenda anzake kuti atumize, koma mtengo wake sunkasiya kanthu, ndipo nsombayo inali yoonda moti mayi wa ku Area 25 sanaitanitsenso.

Mvula yoyamba itagunda, Precious anamanga katundu. Sanakalipe. Anangoti ku Chitala kuli kamunda ka amayi ake a Luka, ndipo ana sangadye mauthenga. Luka anazula mitengo ya thandala yekha, umodziumodzi, mtima uli wolemera ndi manyazi kuposa chisoni. Anaigulitsa ngati nkhuni kwa mayi wootcha nsomba, amene anaiwerenga n'kumupatsa ndalama osamuyang'ana kumaso.