Atelala Ayamba Kugwira Anthu M'chiuno

Amene anawaondetsa Atelala ndi akazi awo, zimenezo tisabisane. Mayi amenewa mumsewu monse ankadziwika kuti Asajeni, dzina limene anawapatsa ndi amuna awo omwewo, chifukwa m'nyumba mwawo ngakhale ntchentche inkalowa itagogoda.

Zinayamba tsiku limene Atelala anapita kuchipatala mutu ukuwawanda. Atakwera pasikelo, muvi unathamanga mpaka pa makilo 104. Adokotala atawayeza pamkono anapukusa mutu, amvekere bipi yakwera moopsa. Analankhula zambiri adokotalawo, koma Asajeni anatolapo ziwiri: piritsi tsiku lililonse, ndipo mimbayi ichoke. Chachitatu anawonjezera okha ali m'njira. "Abambo, mundimvetse. Tsiku limene mudzagwe m'shopu muja, makina aja ndigulitsa, muzidzangokhala pakhonde."

Kuyambira pamenepo Atelala anaona zakuda. Shuga anasowa m'tiyi. Mchere unkathiridwa ngati mankhwala a m'maso. Nyama yonona ankangoimvera fungo kwa aneba. M'mawa uliwonse ankazungulira bwalo la mpira kanayi, Asajeni ali pambuyo kuwerenga, kenako piritsi, madzi, ndi lamulo lija: "Yasamulani. Kwezani lilime." Mwezi ukatha, Asajeni ankanyamula kabuku ka kuchipatala n'kupita okha kukatenga mapiritsi ena, poti Atelala ankati makasitomala sangawasiye. Anesi a pawindo ankawauza kuti, "Mayi, mwezi wamawa mubwere nawo eni akewo tidzawayeze." Asajeni ankangoseka. "Ali bwino amenewo, mutawaona simungawadziwe." Mwezi wamawa umenewo unabwera kakhumi, eni ake osaoneka.

Ndipo zoonadi, simukanawadziwa. Khosi limene linasowa ana ali aang'ono linatulukira. Mathalauza awo anawabweza katatu konse, lamba n'kumuboola mabowo atsopano ndi msomali. Asajeni ankayenda nawo mumsewu mutu uli m'mwamba, kuti anthu aone ntchito ya manja awo. Koma paja walira mvula walira matope.

Shopu ya Atelala inali kachipinda kamodzi, moyang'anizana ndi ya Ometa, mkulu amene lumo lake linkapumako koma pakamwa ayi. Atelala ankasoka za amayi zokha, ndipo anali ndi kasokedwe kawokawo. Diresi sankalipinda patebulo. Mwini wake ankalivala n'kuima pakati pa shopu, iwo n'kugwada pansi, mapini ali kukamwa, n'kumayenda ndi mawondo kumuzungulira mpaka m'munsi monse mulingane. Ankati tepi imanama, diso silinama. Zaka makumi atatu akugwadira akazi a eni motero, Asajeni sanadandaulepo.

Tsiku lina masana Asajeni akubwera ndi chakudya cha amuna awo, Ometa anawakodola.

"Alamu, ine za eni sindinena," anatero uku akupukuta lumo, "koma achimwenewa masiku ano manja atalika."

"Atalika bwanji?"

"Akamaliza kupinda diresi, podzuka paja, akumamugwira kasitomala m'chiuno. Manja onse awiri. N'kutsinzina. Lolemba anali aphunzitsi aja. Dzulo amayi a kwaya, ndipo pamenepo ndiye anachedwapo ndithu."

"Mwaona ndi maso anu?"

"Galasi langali limaonetsa mpaka m'shopu mwawo. Ndangoti ndikutsineni khutu, poti munthu akaonda amayamba kudzimva."

Asajeni anawoloka msewu osayang'ana uku ndi uku. Atangoti suzu pakhomo, anapeza amuna awo ali okha, atakumbatira chidole chovekapo madiresi chija, chopanda mutu, tsaya lili pachifuwa pake, maso otsinzina.

"Abambo! Chimenechi n'chiyani?"

Atelala anadzidzimuka. "Ndimaona ngati chalimba. Chikumagwedera chimenechi."

Mpaka chidole, abale! Asajeni anaika chakudya patebulo n'kutuluka. Anthu akanati apsa mtima, koma ayi, Asajeni anachita mantha. Bambo ameneyu anamukonda ali chimphona chofwenthera pokwera masitepe, pamene panalibe mkazi ankamucheukira. Amusenda okha, amusalaza okha, lero waoneka munthu ndiye ena amutole? Zaka makumi atatu ndi chimodzi za banja zithere m'chiuno mwa amayi a kwaya?

M'mawa mwake analengeza kuti ayamba kuthandiza kusoka mabatani. Atelala anayesa kukana, amvekere m'shopu ndi mopanikiza, koma mungakane lamulo la Asajeni? Anakhala pakona ndi chitini cha mabatani, diso limodzi pasingano, lina pa amuna awo.

Cha m'ma teni koloko anatulukira amayi a kwaya, mayi wathupi lake, mawu ngati ali ndi chimkuzamawu pakhosi. Anavala diresi lawo lofiira kuseri kwa katani n'kudzaima pakati. Atelala anagwada, nazungulira, nazunguliranso. Atabaya pini womaliza anati, "Tatha," n'kudzuka. Anangoti dzandi, manja aja ulendo wa m'chiuno, maso tsinzinu.

Ndiye amayi a kwayawo manyazi anawasiya kunyumba kapena? Anawagwira Atelala m'zigongono mwachizolowezi, amvekere, "Pang'onopang'ono, Atelala, ndakugwirani." Kenako anatembenukira kukona kuja akumwetulira. "Ife tinazolowera, mayi. Paja inu eni ake mukudziwa kale."

Singano inalowa m'chala cha Asajeni mpaka magazi, koma sanaimve. Tinazolowera! Afunse pamaso pa mkazi ameneyu kuti azolowera chiyani, aoneke wopusa m'shopu ya mwamuna wawo yemwe?

"Ndikudziwa," anayankha mano ali gwa.

Madzulo kunyumba anawapatsa mpata woti aulule okha. "Abambo, palibe chimene mukufuna kundiuza?" Atelala anayang'ana m'mbale, nayamikira masamba kuti apsa bwino. Masamba opanda mchere, opanda mafuta, munthu n'kuwayamikira! Pamenepo Asajeni anatsimikiza kuti mlandu ulipo.

Kutacha anatsegula sutikesi n'kutulutsa diresi labuluu limene Atelala anawasokera kalekale, limene m'munsi mwake munali mutasosoka. Anafika nalo kushopu atalivala kale, n'kuima pakati penipeni pamene amaima enawo.

"Mundipindire. Inenso ndine mkazi, chiuno ndili nacho."

Atelala anasangalala ngati mwana. "Iii, diresi ili likadalipo? Ndinalisoka tisanagule makina amagetsi!" Analuma mapini n'kugwada. Ankayenda ndi mawondo uku akung'ung'udza kanyimbo m'mphuno, zala zikuyenda mofatsa pansalu. Asajeni ankayang'ana dazi la amuna awo pansipo, mtima ukufuna kufewa, koma anaulimbitsa. Anali atakonza kale zochita. Manja aja akangobwera, awazinda, kenako awauze mawu amene anagona akuwanola: ine si wapamzere.

Atelala anachotsa pini womaliza kukamwa, namubaya. "Tatha."

Anadzuka. Anati dzandi. Manja anatambasuka.

Asajeni anabwerera m'mbuyo phazi limodzi. "Ine ayi! Ine si wa..."

Mawu aja sanathe. Atelala anagwira mphepo, mawondo n'kupindika, thupi lonse pansi khuu! Mutu unaphonya mwendo wachitsulo wa makina ndi chala chimodzi chokha. Chitini cha mabatani chinagubuduzika, mabatani mbwee shopu yonse.

"Dzukani, musandichititse manyazi," anatero Asajeni. Atelala anali zii. Nkhope inali itatuwa, thukuta lozizira lili pamphumi. Asajeni anagwada pamabatani pomwepo n'kukuwa mokuti msewu wonse unaima. "Mayo ine! Abambo! Ndithandizeni, anthuni!"

Ometa, amene anaona zonse pagalasi, anafika akuthamanga ndi botolo lawo lopopera madzi m'tsitsi, kasitomala wometedwa mbali imodzi ali pambuyo. Anawapopera Atelala kumaso, wometedwa theka uja n'kuwakweza miyendo pampando. Patapita kanthawi Atelala anaphethira. Anayang'ana denga, nayang'ana akazi awo, milomo n'kuyamba kugwedera. Asajeni anasendeza khutu kuti amve mawu omaliza.

"Makina musagulitse," ananong'ona Atelala.

Kuchipatala anakumana ndi adokotala achitsikana, msinkhu wa mwana wawo wachiwiri. Anawayeza Atelala atagona, nawayezanso ataimirira, Ometa atawagwirira kumbuyo. Kenako sikelo: makilo 82. Adokotala anatsegula kabuku kaja n'kumatembenuza masamba, kufunafuna pamene anayezedwa komaliza.

"Mapiritsi awa tinalembera bambo wa makilo 104," anatero. "Ali kuti bambo ameneyo?"

"Ndi omwewa," anayankha Asajeni. "Ndawaondetsa ndine. Ndipo piritsi sanaphonyepo ngakhale tsiku limodzi, ndimayang'ana mpaka kunsi kwa lilime."

"Mwagwira ntchito, mayi, ndipo kuondako mwachita bwino. Koma miyezi khumi osabwera nawo?" Adokotala anatembenukira kwa Atelala. "Bambo, akuti ndinu telala. Mutaonda, thalauza lanu munalitani?"

"Ndinalibweza. Katatu."

"Mankhwala anu sanabwezedwepo n'kamodzi komwe. Thupi lachepa, bipi yatsika yokha, koma piritsi likuitsitsabe ngati kale. Ndiye mukadzuka msanga magazi akumachedwa kufika kumutu. Chizungulirechi chayamba liti?"

Asajeni anatembenuka. Chizungulire?

Atelala anayang'ana nsapato zawo. "Miyezi itatu yapitayo. Ndikagwada nthawi yaitali, podzuka dziko limazungulira, m'maso n'kuda bii. Ndimangogwira chimene chili pafupi mpaka zidutse."

"Akunyumba munawauza?"

"Makasitomala ndinawauza kuti akunyumba akudziwa." Atelala anakanda dazi lawo. "Koma akunyumbawo ananena kuti ndikadzagwa makina agulitsa. Ine popanda makina aja ndine ndani, adokotala? Ndiye ndimayesetsa kuti ndisagwe."

Adokotala anapitiriza kulankhula. Anati achepetsa mankhwala, koma asayerekeze kusiya kapena kudula okha kunyumba. Anati abwerenso pakatha milungu iwiri, eni ake osati kabuku kokha, ndipo podzuka azidzuka ngati nkhalamba. Ulendo uno Asajeni sanatolepo ziwiri, anamva zonse, koma mutu unali kwina. Miyezi itatu yathunthu akazi a eni akhala akuwagwirira mwamuna kuti asamenyetse mutu pachitsulo. Aphunzitsi anawagwira. Amayi a kwaya anawagwira. Ngakhale chidole chopanda mutu chija chinawagwira. M'tauni yonse, amene anawalekerera kuti agwe anali munthu mmodzi yekha, ndipo anali atavala diresi labuluu.

Asajeni analira pomwepo, kulira kwenikweni kwa mamina, mapini akadali m'munsi mwa diresi. Ometa anatsegula pakamwa kuti anenepo kanthu, Asajeni n'kuwayang'ana kamodzi kokha, pakamwa paja n'kutsekeka.

Makina sanagulitsidwe. Mapiritsi atsopano anali aang'ono, ndipo pofika mwezi wotsatira chizungulire chinali chitatheratu. Koma Asajeni kushopu sanachoke. Mabatani onse a m'tauni ankasokedwa pakona paja.

Tsiku lina amayi a kwaya anabweranso ndi diresi lina. Asajeni anawalandira ndi manja awiri, nawapukutira mpando, mpaka kuwafunsa za ana ndi za kwaya, mayiwo n'kumadabwa kuti chikondi chonsechi chachokera kuti. Atavala, Atelala anagwada, nazungulira, nabaya pini womaliza.

"Tatha."

Amayi a kwaya anatambasula manja mwachizolowezi. Koma Asajeni anali atafika kale pakati pawo.

"Zikomo, amayi, mwatigwirira nthawi yaitali. Pano ndilipo." Anayang'ana pansi pamene panagwada amuna awo, n'kudzimenya m'chiuno. "Gwirani apa."

"Chizungulire chinatha, Asajeni," anatero Atelala. "Ndikumadzuka ndekha bwinobwino."

"Ndati gwirani."

Atelala anadzuka pang'onopang'ono monga ananenera adokotala, n'kugwira ndi manja onse awiri. Dziko silinkazungulira n'pang'ono pomwe, koma anatsinzina.