Giya ya Chidindo Chimodzi

Mimba ya Delfina itakwana masiku, mwana anagona chopingasa. Namwino wa ku Molumbo, mayi Graça, atamuyeza anaitana mwamuna wake, Zeferino, ndi kumuuza kuti pakufunika dokotala wa ku Milange, ndipo lisadutse tsiku.

Zaka zimenezo munthu sankayenda wopanda giya, kalata yaulendo ya zidindo zitatu: cha mlembi wa mudzi, cha ku ofesi ya dera ndi cha amilisiya, asilikali a m'midzi olondera misewu. Koma mwezi womwewo boma linali litapeputsa lamulolo kuti wodwala azingonyamula pepala la namwino. Mayi Graça anadinda kamodzi, nalangiza Zeferino kuti wina akamuimitsa panjira asabwerere, koma apemphe kuonana ndi mkulu wa pamalopo.

M'mawa Zeferino ndi Delfina anakwera lole ya chimanga pamodzi ndi Germano, mlongo wake wa Delfina. Dzuwa lili pamutu anafika pamalo pamene amilisiya anatchinga msewu ndi chingwe. Mlonda wa tsikulo, Bonifácio, sankadziwa zilembo. Ankangoona ngati zidindo zakwana.

"Kamarada, ziwiri zinazo zili kuti?"

Zeferino anafotokoza zonse zimene namwino ananena. Bonifácio anati iye sanauzidwe, ndipo mnzake anamangidwa posachedwa chifukwa chodutsitsa munthu wa pepala losakwanira.

Germano anakokera Zeferino pambali. "Alamu, wamfuti satsutsana naye. Mukatchula za mkulu wawo timangidwa tonse. Thamangani mukadinditse, ine nditsala naye."

Zeferino anali munthu wosakonda mikangano, ndipo anamvera. Woyendetsa lole anadikira pang'ono, kenaka anawasiyira thumba lopanda kanthu loti Delfina agonepo, napita. Bonifácio anamupatsa Delfina madzi a m'botolo lake, osamuyang'ana kumaso.

Mlembi wa mudzi anapezeka ali kumunda wa gulu. Ku ofesi chidindo chinali chokhomeredwa m'kabati, mwini kiyi atapita kumaliro. Zeferino anayenda akupemphera chamumtima mpaka mapazi kutupa. Anabwerera pachingwe paja tsiku lachiwiri madzulo, zidindo zitakwana. Anapeza amayi a m'mudzi wapafupi atamunyamulira Delfina m'nyumba ya mmodzi wa iwo, atamusambitsa, atamufunditsa nsalu yawo yatsopano. Anali atamwalira masana a tsikulo, mwana ali m'mimba.

Maliro atatha, mayi Graça anapalasa njinga mpaka pachingwe paja atanyamula kalata ya boma yopeputsa lamulo lija. Anasonkhanitsa amilisiya onse ndi kuwawerengera kawiri, m'Chipwitikizi ndi m'Chinyanja. Mkulu wawo anavomera chamunsi kuti kalata yotero inamufika masabata atatu apitawo, ndipo inali m'chikwama chake kudikira tsiku la msonkhano. Tsiku la lole lija iye anali m'chisakasa kuseri kwa mitengo ya mango, poti munthu akaitana amamveka.

Bonifácio anavula chipewa.

"Mayi, ndiye kuti amayi aja akanadutsa?"

"Akanadutsa, mwanangu."

Phunziro: Lamulo likapeputsidwa ku ofesi koma osafika kwa munthu woima pachingwe, anthu amafabe ndi lamulo lakale. Wolandira kalata ya boma aifikitse tsiku lomwelo kwa oigwiritsa ntchito, m'chilankhulo chimene amamva. Nafenso tikauzidwa zoyenera zathu, tisabwerere ndi mantha: tifunse mwaulemu, tipemphe kuonana ndi wamkulu. Mulungu atonthoze a Zeferino onse amene anamvera, nataya okondedwa awo.